Mchenga Wonyowa ndi Mwendo wa a Chikopa

Ndirande,
Lachinayi masana.

Yankho mwana wanga,

Lero shedi ndatseka dzuwa lili pamutu. Njinga ziwiri za eni ake ndazisiya chagada, matayala m'mwamba, ndati zidikire. Mawa masana ukunyamuka, ndipo pali nkhani imene sindilola kuti udutse pa Mwanza usanaimve. Iwe ndi mayi ako mwapita ku Limbe kukagula bulangete ndi kapoto ka paulendo, ine ndakhala patebulo ndi kope. Sabata ino ndayesa katatu kuiyamba pakamwa, katatu konse ndathera kukufunsa za pasipoti. Ndiye ndalemba. Uwerenge mpaka kumapeto, ngakhale pakati pake mtima ukuuze kuti ung'ambe.

Kunyada ndikunyada, pamenepo usakayike. Tsiku lija unabwera ndi laisensi ya mathiraki ndinaizunguliza pa shedi ponse, mpaka akabaza anayamba kundiseka kuti madala mukuyesa mwakhoza ndinu. Wina anati, "Mwana wamkazi pa thiraki ya ngolo, mpaka ku Beira? Adzakwanitsa?" Ndinamuuza kuti ayambe wakwanitsa iye kupopa tayala lake. Ntchito imeneyi waipeza ndi mutu wako ndi manja ako, ndipo sindikulemba kuti ndikubweze.

Chimene chandikhazika pansi ndi mawu ako a Lamulungu. Tikudya, mayi ako anakufunsa kuti uzidzadutsa bwanji m'misika ya m'mbali mwa msewu, muja anthu ndi njinga amadzaza mpaka pa phula. Iwe unaseka. Unati, "Amama, musadzikweze bipi. Thiraki ija ndi sayizi ina. Wa njinga akangomva hutala amadziwa yekha kolowera." Tonse tinaseka, inenso ndinaseka. Mawu amenewo ndi anga, Yankho. Ndinkawanena ndili msinkhu wakowu, mawu omwewo, kaseko komweko. Ndikufuna udziwe kumene anandifikitsa.

Ndiyambe ndi kagalimoto kakang'ono. Ntchito yanga yoyamba inali yoperekeza kusukulu ana a bwana wina wa m'boma, munthu wa kumpoto amene ankakhala ku Chitawira. Kagalimoto kake kanali kotsika, ukalowamo ngati wakhala pamphasa. M'mawa wina bambo wa suti anatulukira kuseri kwa minibasi akuthamangira kuntchito. Ndinkayenda pang'onopang'ono, komabe ndinamupeza. Kagalimoto kanamumenya m'maondo, iye n'kugwera pa boneti, n'kutsetserekera pansi. Ndisanatsegule chitseko anali atadzuka kale. Anasasa fumbi, ananditukwana ine ndi mtundu wanga wonse mpaka a ku Mulanje amene sanawaonepo, kenako anatola chikwama chake n'kumapita akutsimphina. Nkhani imeneyi ndinaseketsa nayo anthu zaka zambiri, ndipo ndinatolapo nzeru yolakwika. Ndinaganiza kuti ukagunda munthu uli pa liwiro lochepa, mapeto ake ndi kutukwanidwa. Sindinaone kuti bambo uja anapulumuka chifukwa kagalimotoko kanali kotsika ndi kopepuka. Kakang'ono kamamenya miyendo, munthu amagwera pamwamba pake. Lole kutsogolo kwake ndi khoma. Imamenya pachifuwa ndi kumutu, munthu amagwera pansi, ndipo pansipo ndi pamene pakubwera matayala. Pa liwiro lomwelo limene bambo wa suti anadzuka n'kunditukwana, ikanakhala thiraki yako sakanadzuka.

Kenako ndinapeza ntchito ya lole ya matani asanu ndi awiri, yotuta mchenga, njerwa ndi miyala. Kukhala m'mwamba muja kumaledzeretsa, mwana wanga, ndipo pofika pano wakulawa kale. Anthu umawaona paliwombo. Ukaliza hutala msewu umatseguka, agalu, ana, azimayi a mabeseni, onse kubalalika. Ndinayamba kuyenda ngati msewu anamangira ine. Tsiku lina ndinaima pamsika wa Ndirande pomwe pano, magalimoto atathithikana. Wa kutsogolo atasuntha ndinaika giya, ndinayang'ana pagalasi, panalibe munthu. Phazi likuchoka pa buleki ndinaona nthochi zikuyenda zokha m'munsi mwa galasi. Linali beseni, ndipo pansi pa besenilo panali mayi wamfupi, mwana ali kumbuyo, akuwoloka mokhudza bampala. Iyeyo sindinamuone ngakhale duku. Chikhala kuti tsiku limenelo sanasenze kanthu, bwenzi nditapha anthu awiri ndikuyenda liwiro la munthu wapansi, ndipo ndikanadziwira pa kukuwa kwa anthu basi. Ukudziwa chimene ndinachita? Ndinatulutsa mutu pawindo n'kumulalatira kuti ngati watopa ndi moyo akafere kwina.

Ndiye ukafika ku depoti, thiraki usanailize, uchite ichi. Ukhale pampando wako, upemphe mnzako ayende mozungulira thiraki yonse chapafupi, pang'onopang'ono, iwe uzimutsatira ndi maso ndi magalasi. Uone pamene akusowa. Asowa kutsogolo pansi pa galasi, asowa kumanzere pafupi ndi chitseko, asowa m'mbali mwa ngolo, kumbuyo ndiye osanena. Kenako umuuze awerame, afike msinkhu wa mwana wa sitandade wani, ayendenso. Akakuseka, aseke. Malo onse amene wasowawo uwasunge m'mutu, chifukwa pamsika uliwonse m'malo amenewo mumakhala munthu. Usananyamuke pagulu, udzuke pampando, usuzumire pansi. Wamkulu pamsewu ndiwe, ndiye wodikira ukhale iwe.

Ku Chilomoni ndinalakwanso, pa kona yolowera kumene ndinkakatsitsa njerwa. Pakonapo panaima bambo wachikulire ndi njinga yake, phazi limodzi pansi, kudikira kuti ndidutse. Mutu wa lole unamudutsa bwinobwino, mpata ndinamusiyira wokwanira. Ndinaiwala kuti matayala akumbuyo satsata mapazi a akutsogolo, amadula njira. Ndinangomva khwaa, anthu n'kukuwa. Mkulu uja anali atataya njinga n'kudumphira mu ngalande, limu yakutsogolo itapindika ngati lichero lakale. Ndinatsika nditafufuma, ndikufunsa kuti kodi maso alibe. Iye anatuluka mu ngalandemo, matope mpaka m'chiuno, n'kundiyankha mosakweza mawu. "Mwana wanga, ine ndinaima. Amene amayenda ndiwe." Anthu anaseka, ine ndinachita manyazi tsiku limodzi, mawa lake ndinali nditaiwala. Yakoyo ndi yaitali kuposa malole anga awiri ataikidwa pamzere. Pokhota, diso lako likhale pa galasi lakumanzere mpaka tayala lomaliza litatuluka pakona. Ukaona wa njinga waima mkati mwa kona, usati poti wandiona zili bwino. Ima, umukodole adutse kaye.

Tsopano ndifike pa nkhani imene ndatsekera shedi. Ndi ya amalume ako a ku Bangwe, a Chikopa, aja amasoka nsapato pafupi ndi siteji. Unakula ukudziwa kuti ndi achibale a mayi ako, kuti mwendo wawo wakumanja unadulidwa atagundidwa ndi galimoto kalekale, ndiponso kuti ine ndinasiya kuyendetsa chifukwa cha msana. Pa zitatuzi choona ndi chimodzi. A Chikopa si m'bale wathu, msana wanga ulibe vuto, ndipo amene anawaponda ndine.

Unali khanda, usanayambe n'kukwawa komwe. Inali nyengo ya dzinja. Ku Machinjiri anthu ankamanga ngati akupikisana, ndipo ine ndinkatuta mchenga kumtsinje maulendo anayi patsiku. Opakira mchenga sayeza ndi sikelo, amayeza ndi maso. Akadzaza mpaka m'milomo mwa bodi n'kuunjika kaphiri pakati, ndiye kuti yakwana. Mvula inali itagwa masiku awiri osalekeza, ndipo mchenga wa tsiku limenelo unkachucha madzi pa fosholo. Bodi yomweyo, mulingo womwewo, koma kulemera kwake kunali kwina. Kulemerako ndinakumva ndithu potuluka kumtsinje, lole ikubuula pa giya yoyamba, masipuling'i atagona. Ndikanawauza kuti aphunguleko. Sindinawauze, chifukwa mwini nyumba akaona bodi yosadzaza amati dalaivala watsitsa wina panjira, ndipo ine ndinkafuna dzina labwino.

Ndiye panali chizolowezi chathu madalaivala a mchenga. Bwana ankatithirira mafuta oyeza m'mawa, ndipo dalaivala wodziwa ntchito ankadziwika ndi mafuta otsala madzulo. Pamtsetse uliwonse tinkaika fili, ndiko kuchotsa giya kuti lole izingotsetsereka yokha injini ikupuma. Tonse tinkatero, tinkapatsirana ngati nzeru yapamwamba. Wokana tinkamunena kuti ndi wamantha, woyendetsa za m'buku. Pa mtsetse wautali wotsikira kumlatho polowa Machinjiri, ndinali nditaika fili kosawerengeka ndi mchenga wouma, osaona vuto. Tsiku limenelo ndinaikanso. Sindinaganize n'komwe, dzanja linangochita lokha.

Pofika pakati pa mtsetse ndinadziwa kuti zinthu zalakwika. Lole inkathamanga ngati wina akuikankha kumbuyo. Ndinaponda buleki, inagwira pang'ono, ndinapondanso, fungo la kupsa linalowa mkati, phazi linayamba kumira. Ndinayesa kubwezera giya, inangokukuta n'kukana. Kumunsi ndinaona munthu pa njinga, bokosi lamatabwa pa keliyala, lodzaza buledi wokapereka m'maokala. Ndinamuona patali, Yankho, patali ndithu. Kumanja kunkabwera minibasi yodzaza anthu ikukwera mtunda. Kumanzere, ndisanamupeze wa njingayo, panali malo opanda nyumba, opanda munthu, kachigwembe kosazama ndi munda wa chimanga. Ndikanakhotetsera m'menemo. Lole ikanagona cham'mbali, mwina ndikanathyoka nthiti, ntchito ikanatha tsiku lomwelo. Nthawi yoganiza zonsezi inalipo, ndipo ndinaganizadi. Ndinamvera chisoni lole ya bwana ndi nthiti zanga. Ndinagona pa hutala, mumtima ndikuti akangomva adziwa yekha kolowera.

Analibe kolowera. Pamenepo msewu umapanikizika polowa pamlatho, phula linali lodyeka m'mphepete, kunsi kwake miyala. Munthu amene wanyamula bokosi lolemera pamtsetse sangadumphe ngati ali chimanjamanja. Ndinayesa kudutsa pakati pa iye ndi minibasi. Mutu wa lole unadutsa, ngodya ya bodi inakola bokosi, njinga inazungulira, matayala akumbuyo n'kumaliza. M'chiwongolero sindinamve kanthu. Ichi n'chimene chimandiwawa mpaka lero, kuti lole sinagwedezeke n'komwe, ngati ndaponda chitsononkho. Inakaima yokha pamtunda wa tsidya la mlatho. Nditabwerera wapansi ndinapeza buledi ali mbwee mumsewu monse, azimayi atavula zitenje akumanga mwendo umene sunkaonekanso ngati mwendo. Anthu akanandithera pomwepo, koma woyendetsa minibasi ija ananditsekera m'galimoto mwake mpaka apolisi anafika.

Kupolisi ndi kukhoti ndinanena mawu amene madalaivala timaphunzitsana. "Anangotulukira, sindinamuone." Za fili sindinatchule, za mchenga wonyowa palibe anafunsa. A Chikopa atafunsidwa ali pabedi m'chipatala anangoti anamva hutala, basi. Anandilanda laisensi kwa kanthawi, nkhani n'kutha. Anzanga anandigwira chanza kuti ndalimba mtima. Nthawi itakwana bwana anandiitana kuti ndiyambirenso. Ndinakwera, ndinagwira chiwongolero, koma kuiliza kunandikanika, ndinatsika. Kunyumba ndinati ndi msana, ndipo bodza limenelo ndalibereka mpaka lero.

Amene anandikokera kuchipatala kukaona a Chikopa ndi mayi ako. Ine ndinkazemba, lero mutu, mawa mvula. Tsiku lina anakubereka kumbuyo, anatenga fulasiki ya phala, anaima pakhomo. "Bambo a Yankho, mupita nane, kapena ndikanene kumeneko kuti mwamuna wanga ndi wamantha?" Ndinavala nsapato. Akazi a Chikopa anataya phalalo panja ife tikuona. Mawa lake tinapitanso, analitayanso. Patapita masiku analandira, osatiyang'ana. A Chikopa atatuluka m'chipatala ndinayamba kupita ku Bangwe Loweruka lililonse. Ndinawakhomera benchi, ndinawapezera zida zosokera nsapato. Njinga yawo yophwanyika ija ndi imene ndinaphunzirirapo ntchito ndikugwirayi. Ndinalimbana nayo mwezi wathunthu, ngakhale ndinkadziwa kuti mwini wake sadzaikweranso. Ubale unamera pamenepo, ndipo iwe utayamba kuyankhula unangowatchula amalume, ife osakukonza. Uli ndi zaka zisanu ndi chimodzi unawafunsa, ine ndili pomwepo, kuti amene anakugundaniyo ali kuti. Anakuthyolera nzimbe n'kunena kuti, "Ameneyo musiye, idya nzimbe." Ine ndinanamizira kupita kuseri, ndinakaima kumeneko mpaka unamaliza.

Zaka zonsezi ndakhala wa njinga ndi wapansi, ndiye msewu ndauona kuchokera kunsi, kumene iwe suzidzauonera. Ndinagwapo ku Maselema ndikuchokera kukagula masipoko. Thiraki ya mafuta inandidutsa chapafupi, osandikhudza ngakhale pang'ono. Mphepo yake inayamba yandikankhira kunja, ine n'kukhotetsa handulo kuti ndibwerere, kenako inandikokera kumatayala. Ndinadziponya dala pamiyala, chigongono n'kusupuka. Dalaivala uja sanadziwe n'komwe, ndikhulupirira anakafika kwawo akunena kuti wayenda bwino. Ndiye ukamadutsa wa njinga, mpata umene ukuona kuti wakwana uwonjezerepo wina. Kukakhala kopanikizika, khala kumbuyo kwake, uyende liwiro lake mpaka msewu utakula. Usachite nazo manyazi zoti chithiraki chonsecho chikutsatira njinga ya makala.

Za hutala ndikuuze monga munthu amene waimvera kumsana. Siimuuza wa njinga kolowera, imangomuumitsa manja. Ena amatembenuka kuti aone, ndipo njinga imapita kumene kwapita mutu, ndiko mumsewu. Wa makala wa matumba atatu sangatsike pa phula lodyeka osagwa. Wa kabaza wanyamula mayi woyembekezera, mwina agogo akuchokera kuchipatala. Mwana wa sukulu akadzidzimuka amathamangira kwa mnzake amene ali tsidya lina. Onsewa amayeza thiraki ndi maso a kagalimoto, amayesa ukhoza kuima pamene angaime wa takisi. Sakudziwa kuti kumbuyo kwako kuli matumba a feteleza odzaza ngolo amene sakumva buleki msanga. Wodziwa ndiwe wekha, ndiye mlandu wodikira uli pa iwe. Pa shedi panga ndimaona kusiyana kwake. Njinga yogundidwa ndi kagalimoto kakang'ono, kawirikawiri mwini wake amabwera nayo yekha, akutsimphina ndi kutukwana. Yopondedwa ndi thiraki amabweretsa ndi achibale, kudzafunsa ngati patsala chitsulo chogwira ntchito.

Tsono mvera, Yankho. Fili usadzaike, ngakhale kamtsetse kakhale kofatsa bwanji, ngakhale akuphunzitse ndi dalaivala wa imvi amene wayenda Beira zaka zonse. Giya yotsikira uisankhe ukadali pamwamba pa mtsetse, chifukwa pakati pake idzakukana monga inandikanira ine. Katundu wako umudziwe kulemera kwake papepala ndi pa sikelo, usamuyeze ndi maso, ndipo thiraki ikabuula mwachilendo potuluka pa geti, ima, ufunse. Imene unapita nayo yopanda kanthu ndi imene ukubwera nayo yodzaza uzitenge ngati magalimoto awiri osiyana, phazi lako lisazolowere imodzi. Msika ukamaoneka patsogolo, liwiro ulithyole usanafike pa nyumba yoyamba. Ndikubwereza: wamkulu ndiwe, wodikira ukhale iwe.

Adzakuseka, pamenepo konzekeratu. Madalaivala achimuna adzati taonani, tinanena ife kuti mkazi ndi wamantha. Abwana adzaimba foni kuti wachedwa pati. Ndimakudziwa, mtima wako ndi wanga, sufuna kugonja pagulu, ndipo n'chimene chikundiopsa. Ine ndinkaopa kutchedwa wamantha kuposa mmene ndinkaopera kupha munthu. Amene ankandiombera m'manja chifukwa cha mafuta otsala palibe ndi mmodzi yemwe anapondako kuchipatala. Uwasiye anene, ufike mochedwa. Tsiku limene mabuleki adzakukane, Mulungu aletse, ukadzaona munda kumanzere ndi munthu kutsogolo, udzalowe m'munda. Mawu amenewa akundivuta kulemba, chifukwa ndiwe mwana wanga ndipo sindifuna kuti nthiti yako ngakhale imodzi ithyoke. N'chifukwa chake ndikulimbikira za pamwamba pa mtsetse, kuti usadzafike posankha.

Mayi ako akudziwa za fili ndi za mchenga. Zoti a Chikopa ndinawaona patali, ndi za munda wa chimanga uja, ndinali ndisanauzepo munthu aliyense mpaka m'mawa uno. Ndinalawirira ku Bangwe, chifukwa sindikanalemba za mwendo wa munthu osamupempha. Ndinawapeza pa benchi yawo akusoka nsapato ya sukulu, ndodo zitatsamira khoma. Anandilandira ndi nthabwala yawo ya masiku onse, yoti ntchito yawo ndi yokondera chifukwa amasoka ziwiriziwiri pomwe iwo amavala imodzi. Ndinawauza kuti Yankho akunyamuka mawa, ndipo ndikufuna kumuuza amene anali pa chiwongolero.

"Mwachedwa nazo," anatero, "koma muuzeni."

Ndinati pali chinanso chimene inuyo simukudziwa. Ndinanena nditaimirira, maso ali pa nsapato zakale zimene zinali pansi. "Achimwene, kukhoti kuja ndinanama. Ndinakuonani patali. Malo opatukira analipo, koma ndinaumira lole."

Sanasiye kusoka. Anakoka ulusi, anamanga mfundo, anaudula ndi kampeni.

"Ndikudziwa," anatero. "Hutala italira ndinatembenuka. Nkhope yanu ndinaiona bwinobwino pagalasi paja, inunso munkandiyang'ana."

Ndinawafunsa chifukwa chake sananene kwa apolisi.

"Wa njinga ndi wa lole, akanamvera ndani? Komanso ndinkafuna ndidzazimve kuchokera pakamwa panu. Ndadikira ndithu, mpaka mwana wakula."

Ndinalira, Yankho, pa siteji pa Bangwe, maminibasi akuitanira, anthu akudutsa, ine bambo wa imvi. Iwo sananditonthoze ndipo sanandinyoze. Anangosuntha pa benchi kuti ndikhale, n'kutenga nsapato inzake. Ponyamuka anandigwira malaya.

"Mumuuze abwere mawa asananyamuke. Inu mumuuze za m'mwambamo. Za pansi pa tayala ndimuuza ndine."

Kalatayi uipeza pamwamba pa chikwama chako. Mayi ako za munda uja ndiwauza ndekha mukangofika, asadzazimvere kwa iwe. Ndikudziwa kuti ntchitoyi unaisankha ukunena kuti ukufuna kukhala dalaivala ngati adadi, ndipo tsopano wadziwa kuti adadiwo anali dalaivala wotani. Zikundiwawa, koma bola undione chonchi kusiyana n'kuti udzaphunzire pamlatho pako. Ukakwiya uli ndi chifukwa, ndipo sindikukakamiza kuti undikhululukire usananyamuke. Koma ku Bangwe upita, ukwiye usakwiye, pa ichi chokha sindigonja.

Mawa sikisi koloko ndidzakhala panja nditavala kale. Ukatuluka n'kunena kuti tiyeni adadi, tipitira limodzi. Ukandidutsa osayankhula ndidzamva, ndipo sindidzakutsatira. Ukwere minibasi ya Limbe, pa Limbe ukwere ya Bangwe, utsike pa siteji ya a Chikopa. Anena kuti mawa sayamba kusoka mpaka utafika.

Ndine bambo ako.